Momwe mungazindikirire kabowa ka pa ndere, Rickenella fibula, ndi kupeza banja lake

Ngati muli ku Britain ndipo kapinga wa kuseri kwa nyumba yanu wadzala ndere, musafulumire kugula mankhwala ophera nderezo. Dikirani mvula igwe kwa masiku angapo, kenako mugwade pansi muyang'anitsitse. Nthawi zambiri mupeza tibowa ting'onoting'ono ta mtundu wa olenji, ta miyendo yowonda, titatulukira pakati pa ndere. Akatswiri amakatcha Rickenella fibula. Ine ndimakhala kumpoto kwa England, ntchito yanga ndi yosamalira okalamba, ndipo kabowa aka ndi komwe ndimayambira ndikamaphunzitsa mnzanga kuyang'ana bowa. Kamapezeka mosavuta, zizindikiro zake n'zomveka bwino, komanso mbiri ya dzina lake imaonetsa poyera kuti maonekedwe a bowa amanamiza ngakhale anthu amene anathera moyo wawo wonse pa ntchito imeneyi.

Tisanapite patali, kabowaka si ndiwo. Palibe chodya pa kanthu kochepa chonchi, ndipo pa ndere pomwepo pamamera tibowa tina ta mtundu wa Galerina. M'bale wawo wina, Galerina marginata, womera pa mitengo yowola, ali ndi poizoni wofanana ndi wa Amanita phalloides, wowononga chiwindi mpaka munthu kufa. Choncho chilichonse chomwe mutole potsatira malangizowa n'chongoyang'ana ndi kuphunzirapo. Mukamaliza musambe m'manja, ndipo ana aang'ono asachiseweretse.

Ndere zomwe ndikunena pano si zoterera za m'madzi, kapena zotuwa zomata pa makungwa a mitengo. Ndi zija zobiriwira, zofewa, za timasamba ting'onoting'ono, zoyala pansi pa malo achinyezi. Yofala kwambiri pa kapinga wa kuno ndi Rhytidiadelphus squarrosus. Mukasolola kamtengo kake kamodzi muona kaphesi kofiira ndi timasamba topindikira kumbuyo mbali zonse. Rickenella fibula imaikonda kwambiri ndere imeneyi, ngakhale imameranso pa ndere za mitundu ina m'nkhalango, m'mbali mwa tinjira ndi pa zitsa zakale zomwe ndere yakuta.

Nthawi yabwino yofunafuna ndi kuyambira Juni mpaka Novembala, makamaka Seputembala ndi Okutobala pomwe nthaka siuma. Malo abwino ndi kapinga wakale amene sathiridwa feteleza, wa pamthunzi, amene amatchetchedwa koma osalimidwa. Manda akale a pa matchalitchi ndiwo amaposa onse pa chifukwa chomwechi, popeza nthaka yake yakhala zaka zambiri osagalauzidwa. Ndikudziwa kuti kwathu kumanda sitilowako wamba popanda mfumu kuloleza, ndipo mtima umakana poyamba. Kuno manda oterewa anthu amadutsamo masana ngati njira, komabe ulemu usachoke: musapondere pa mitumbira, ndipo mukaona wosamalira malowo muuzeni chomwe mukuchita. Dziwaninso kuti malo ena amaletsa kuthyola bowa ngakhale mmodzi, monga Epping Forest kufupi ndi London. Pamalo otero jambulani chithunzi basi.

Zida zake si zambiri. Chofunika kuposa zonse ndi galasi la m'thumba lokulitsa zinthu ka 10, lomwe pa sitolo amalemba kuti x10. Mufunikanso kampeni, rula ya mamilimita, foni yojambulira, ndi kabokosi kokhala ndi tizipinda. Ine ndimagwiritsa ntchito kabokosi kapulasitiki kogawira mapiritsi a sabata yonse, katsopano, chifukwa tizipinda take timatsekeka patokhapatokha ndipo kabowa sikaphwanyika kapena kusakanikirana ndi kanzake. Galasilo anthu ambiri amaligwira molakwika, amalitalikitsa ndi nkhope. Liikeni pafupi kwambiri ndi diso, pafupifupi kukhudza nsidze, ndiye muzibweretsa kabowako pang'onopang'ono mpaka kaoneke bwino.

Mukakapeza musakazule ndi zala. Jambulani kaye pomwe kali, rula ili pambali, chithunzi china kuchokera pamwamba, china cham'mbali foni itagunda pansi. Kenako lowetsani kampeni pansi pa ndere mudule kachigamba kakang'ono, mukatukule pamodzi ndi nderezo. Apa ndi pomwe ambiri amataya umboni wofunika kwambiri. Patulani ndere mofatsa ndi nsonga ya mpeni, mulondole kamwendo mpaka pomwe kathera. Mwendo wa Rickenella fibula umatsikira m'kati mwa ndere n'kukagwira pa mbali ya m'munsi, yomwe yayamba kufiirira ndi ukalamba. Ukhoza kutalika masentimita 2 mpaka 5, pomwe kunenepa kwake ndi pafupifupi milimita 1 yokha, chifukwa uyenera kukweza chipewa pamwamba pa ndere kuti mphepo itenge mbewu. Mukapeza kuti mwendowo wagwira pa kamtengo kowola kapena pa tsamba lokwiririka, dziwani kuti mwina mwatola kabowa kena komwe ndere yangokazinga.

Tsopano yang'anani chipewa. Kukula kwake ndi mamilimita 3 mpaka 10, nthawi zina kupitirira pang'ono. Kakadali kanthete chimakhala chozungulira chotumbuka, kenako chimatambasuka n'kuloweka pakati ngati kamchombo. Pakatipo mtundu wa olenji umakhala wakuya, m'mphepete umachepa mphamvu, ndipo chikakhala chonyowa mumaona timizere toyenda kuchokera pakati kupita m'mphepete. Dzuwa likachiwomba chimafwifwa n'kusanduka chachikasu chotuwa, ndiye musadalire mtundu wokha.

Katembenuzeni. Timapepala ta pansi pa chipewa, tomwe timabala mbewu, timakhala toyera kapena toyererako, totalikirana pang'ono, ndipo sitithera pomwe chipewa chakumana ndi mwendo ayi, timatsetsereka ndithu kutsika ndi mwendowo. Amene munakulira kotola bowa nthawi ya dzinja mukumbuka manyame, momwe mizere yake ya pansi imatsikira pa mwendo. Kutsika kwake n'komweko, kungoti ya manyame ndi mikwingwirima yokhuthala, pomwe apa ndi timapepala topyapyala, ndipo awiriwa si pachibale. Chizindikiro chimenechi chokha chimachotsa tibowa tambiri pa mndandanda wa zomwe mukuzikayikira.

Chizindikiro chomwe ine ndimachikhulupirira kwambiri chili pa mwendo. Kwezani kabowako kuloza kowala, kumwamba kapena pa zenera, muyang'ane m'mphepete mwa mwendo ndi galasi lanu. Muona timaubweya tating'ono kwambiri, toyera, toima chilili kuyambira pamwamba mpaka pansi. Timapezekanso pa chipewa. Ndi maselo apadera otchedwa cystidia, ndipo mtundu wonse wa Rickenella umadziwika nawo. Ndi maso okha mwendo umaoneka wosalala. Gwirani kabowako pa ndere zake, osati pa mwendo, chifukwa chala chimodzi chonyowa chimagoneka timaubweyato n'kutifafaniza, ndipo mukhoza kuweruza molakwika kuti palibe.

Mukafika kunyumba chitani za mtundu wa mbewu tsiku lomwelo. Mbewu za bowa, zomwe akatswiri amati ma spore, sizioneka imodziimodzi, koma zikaunjikana zimapanga kaufa ka mtundu wodziwika. Dulani chipewa chimodzi, muchiike timapepala tili pansi, pa kagalasi koonekera mbali zonse. Chifukwa chipewacho n'chochepa, chimauma msanga chisanagwetse kanthu, choncho ikani pambali pake kathonje konyowa, muvundikire zonse ndi kapu, musiye usiku wonse pamalo posatentha. M'mawa chotsani chipewa, muike kagalasiko pamwamba pa chinthu chakuda. Rickenella fibula imasiya kaufa koyera. Pa pepala loyera simungakaone, n'chifukwa chake galasi limaposa pepala. Kaufako kakatuluka kofiirira ngati dzimbiri, si Rickenella, ndipo mwachidziwikire ndi Galerina.

Tibowa tosokoneza tilipo, ndipo ndi bwino kutidziwa. Galerina za pa ndere, monga Galerina vittiformis, zili ndi chipewa chosongoka pang'ono chosaloweka pakati, mtundu wake ndi wa uchi, timapepala take n'tofiirira ndipo sititsika pa mwendo. Mycena acicula ndi kowala kwambiri, kofiira mopita ku olenji, ka mwendo wachikasu, koma kamamera pa timitengo towola ndipo timapepala take sititsetsereka. Hygrocybe cantharellus ili ndi timapepala totsika, koma ndi yokulirapo, chipewa chake chili ndi timamba, timapepalato n'tokhuthala. Loreleia postii ndiyo imavuta, chifukwa mtundu ndi kaimidwe n'zofanana, koma imakhala yokulirapo ndipo mwendo wake ulibe timaubweya tija. Palinso Rickenella swartzii, m'bale weniweni, yemwe nthawi zambiri amamera pa kapinga yemweyo. Ameneyu savuta: pakati pa chipewa ndi kumtunda kwa mwendo pali mtundu wakuda wopita ku pepo, kwina konse n'kotuwa. Mukaona timbale ta olenji topanda mwendo titakhala pa ndere, mwalowa kwina kotheratu. Timeneto nthawi zambiri ndi Octospora ndi abale ake, a gulu la Ascomycota, omwe mbewu zawo zimakulira m'timatumba.

Kuti mutsimikize kotheratu pamafunika maikulosikopu, koma simuyenera kugula yanu. British Mycological Society, yomwe inayamba mu 1896, ili ndi magulu ogwirizana nayo m'madera ambiri, ndipo pa maulendo awo a m'nkhalango pamakhala anthu okonzeka kukuyang'anirani. Pa maikulosikopu mbewu za Rickenella fibula ndi zosalala, zazitali pang'ono, pafupifupi ma micrometre 4 mpaka 6 m'litali ndi 2 mpaka 3 m'lifupi (milimita imodzi ili ndi ma micrometre 1,000). Mukazithira madzi a ayodini otchedwa Melzer sizisanduka zabuluu, pomwe za Mycena zambiri zimasanduka.

Tsopano tifike pa banja lake, pomwe pali nkhani yaikulu. Woyamba kukalemba anali Pierre Bulliard wa ku France, mu 1784, ndipo anakatcha Agaricus fibula. Masiku amenewo pafupifupi bowa aliyense wa timapepala pansi ankaikidwa mu Agaricus. Mu 1886 Lucien Quélet anakasamutsira mu Omphalina, komwe ankasonkhanitsako tibowa tating'ono ta chipewa choloweka ndi timapepala totsika. Mu 1938 Robert Kühner anakaika mu Mycena. Mu 1961 Rolf Singer anakapititsa ku Gerronema. Anthu onsewa anali akatswiri oona, ndipo aliyense ankaona chinachake chomwe sichinkagwirizana ndi malo omwe mnzake anakasiya. Mu 1973 Jörg Raithelhuber anakapatsa mtundu wakewake, Rickenella, polemekeza Adalbert Ricken, wansembe wa Katolika wa ku Germany yemwe anakhala ndi moyo kuyambira 1851 mpaka 1921 ndipo anadziwika ndi ntchito yofufuza bowa. Mukamawerenga mabuku akale mukumana ndi maina onsewa, ndipo onse akunena kabowa kamodzi.

Ngakhale dzina la mtundu linakhazikika mu 1973, aliyense ankaganizabe kuti kabowaka ndi ka gulu la Agaricales, komwe kuli bowa ambiri a chipewa ndi mwendo, kuphatikizapo Termitomyces wathu wa pa chulu. Kuyeza DNA ndiko kunagwetsa ganizo limeneli. Mu 2002 Scott Redhead, Jean-Marc Moncalvo, Rytas Vilgalys ndi François Lutzoni anaonetsa kuti Rickenella ndi tibowa tina ta pa ndere tili kunja kwa Agaricales. Malo ake enieni ndi gulu la Hymenochaetales. Gulu limeneli ladzala ndi bowa olimba owoletsa mitengo, omata pa thunthu ngati mashelefu kapena oyala pa khungwa, monga Phellinus, Trichaptum ndi Inonotus. Mukadutsa pa mtengo wa ash m'tauni n'kuona chibowa chachikulu chaubweya, chofiirira, chitamata pamwamba pa thunthu, chimenecho ndi Inonotus hispidus, ndipo ndi m'bale wapafupi wa kabowa kathu kuposa Mycena yomwe imafanana nako nkhope. Chipewa, mwendo ndi timapepala ndi njira yabwino yomwazira mbewu, choncho mibadwo yosiyana ya bowa inafika pa kaumbidwe kofanana payokhapayokha. Ichi n'chifukwa chake kwa zaka zoposa 200 maso okha sanathe kupeza kwawo kwa kabowaka.

Mu 2010 Alfredo Vizzini wa ku Italy anakhazikitsa banja la Rickenellaceae. Choncho mukamalemba m'kope lanu, yambani ndi gulu lalikulu n'kumatsika: ufumu ndi Fungi, pansi pake Basidiomycota, kenako Agaricomycetes, kenako Hymenochaetales, banja ndi Rickenellaceae, mtundu ndi Rickenella, ndipo dzina lonse ndi Rickenella fibula (Bull.) Raithelh. Maina afupiafupi a kumapetowo musawasiye, chifukwa akusunga mbiri ija. Lotsekeredwa ndi la Bulliard amene anayamba kukalemba, lotsatiralo ndi la Raithelhuber amene anakaika pomwe kali lero. Liwu loyamba la dzina limayamba ndi chilembo chachikulu, lachiwiri chaching'ono. Mabuku ena mupeza alemba banja la Repetobasidiaceae m'malo mwa Rickenellaceae. Musadabwe nazo, malire a mabanja m'gulu limeneli akhala akusunthidwa pamene DNA ya mitundu yambiri ikuyezedwa. Njira yanga ndi yoti ndiyang'ane pa Index Fungorum kapena MycoBank, makaundula a pa intaneti a maina a bowa, ndilembe zomwe ndapeza pamodzi ndi tsiku lomwe ndayang'ana.

Funso lomwe anzanga amafunsa kawirikawiri ndi loti kodi kabowaka kamadya ndere. Timaulusi take, tomwe ndi thupi lenileni la bowa, timalowa m'kati mwa ndere. Ofufuza a pa University of Tennessee mu 2018, pogwiritsa ntchito ndere ya Dicranum scoparium, anapeza kuti Rickenella fibula imakhala m'mbali zobiriwira zamoyo komanso m'mbali zokalamba, ndipo nderezo sizinaonetse kuvulala. Izi zikugwirizana ndi zomwe mungaone nokha pa kapinga: ndere zozungulira kabowaka zimakhala zobiriwira bwinobwino. Ndimalimbikitsa kuti muzilemba momwe ndere ikuonekera nthawi iliyonse, yobiriwira kapena yofota, komanso dzina lake ngati mwalidziwa. Zolemba zambiri za anthu zimangoti kanapezeka pa ndere, ndipo zimenezo sizithandiza wofuna kudziwa kuti ndi ndere ziti zomwe kamakonda.

Kusunga ndi gawo lomwe anthu amalinyozera. Musanaumitse, lembani mtundu wa chipewa, wa timapepala ndi wa mwendo, chifukwa kakauma zonsezi zimasintha ndipo kamakhwinyata mpaka kutsala kanthu kosadziwika. Umitsani tibowa titatu kapena tinayi, tanthete ndi tokhwima, pamodzi ndi kachigamba ka ndere. Kutentha kukhale pafupifupi madigiri 40. Makina oumitsira zipatso amagwira bwino, kapena mukhoza kuika pa pepala pamwamba pa hita ya m'nyumba usiku umodzi. Uvuni ayi, umaphika n'kuwononga DNA. Tikauma gwa, tiikeni mu envulopu ya pepala, mulembepo tsiku, malo enieni, mtundu wa ndere, dzina lanu ndi nambala yofanana ndi ya pa zithunzi. Envulopuyo isungidwe m'botolo lotseka bwino lokhala ndi timapaketi toyamwa chinyezi, tija timabwera m'mabokosi a nsapato. Kabowa kosungidwa motere kakhoza kuyezedwa DNA patapita zaka. Mbali ya DNA yotchedwa ITS ndiyo inavomerezedwa mu 2012 kukhala chizindikiro chachikulu chozindikirira bowa, ndipo magulu ena a anthu wamba kuno amatumiza zitsanzo zawo kokayezetsa. Ku munda wa zomera wa Kew, ku London, kuli nkhokwe ya bowa ouma oposa 1 miliyoni, ndipo ambiri mwa iwo amasungidwa m'timaenvulopu totere.

Zithunzi zanu ziikeni pa iNaturalist kapena iRecord, masamba a pa intaneti omwe anthu amalembapo zachilengedwe zomwe aona. Pulogalamu ya pa foni ikupatsani dzina nthawi yomweyo, koma imaweruza ndi maonekedwe, omwe ndi omwe aja anasokoneza Quélet ndi Kühner. Ikani chithunzi cha pansi pa chipewa, cha mwendo wonse mpaka pomwe wagwira, ndipo mulembe mawu oti kaufa kanali koyera komanso timaubweya munationa. Ngati chimodzi mwa izi simunachione, lembani dzina la mtundu lokha kapena mungoti Agaricomycetes, ena akuthandizeni. Dzina lolakwika likalowa m'kaundula limasokoneza mapu a komwe bowayo amapezeka.

Amene muli kumudzi, njira yonseyi ikugwira ntchito chimodzimodzi. M'nkhalango za pa phiri la Zomba ndi la Mulanje miyala ndi mitengo yakutidwa ndi ndere, ndipo nthawi ya mvula, kuyambira Disembala mpaka Malichi, ndi yoyenera kugwada n'kuyang'ana. Mukapeza kabowa ka olenji pa ndere kumeneko, musafulumire kukapatsa dzina la ku Ulaya chifukwa chakuti kakufanana ndi chithunzi cha m'buku. Bowa a m'madera otentha a Africa sanafufuzidwe mokwanira poyerekeza ndi a ku Ulaya, makamaka ang'onoang'ono osadyedwa. Pemphani chilolezo kwa a zankhalango musanatole, jambulani, lembani, umitsani pamodzi ndi ndere yake, ndipo mukafunse ku National Herbarium and Botanic Gardens ku Zomba za momwe angasungire chitsanzo chanu. Nthawi ya dzinja chinyezi chimabwerera msanga mu envulopu, choncho botolo lotseka bwino ndi timapaketi toyamwa chinyezi n'zofunika kwambiri kumeneko kuposa kuno.